Khadi loziziritsidwa ndi madzi lingatontholetse kompyuta ku Nchalo?

Funso lanu lafika, achimwene a ku Nchalo, ndipo ndiliika pano mwachidule kuti ena atsatire nawo:

"Ndili ndi kasitudiyo kuseri kwa nyumba komwe ndimajambula makwaya ndi kukonza mavidiyo a maukwati. Kompyuta yanga ili ndi graphics card ya RTX 3060. Ukangofika Okutobala imalira ngati chigayo, phokoso mpaka kulowa mu maikolofoni. Msuweni wanga ku Joni wapeza RTX 3080 yogwiritsidwapo kale ntchito, yoziziritsidwa ndi madzi, akuti ilibe phokoso. Nditumize ndalama? Nanga madziwo akatha ndingathiremo a pamjigo?"

Ndalamazo gwirani kaye. Graphics card, kapena kuti khadi, ndi chipangizo cha m'kompyuta chimene chimapanga zithunzi za pa sikirini. Makhadi amadzi ndimawadziwa, ndamangapo angapo, ndipo akamangidwa bwino amakhaladi chete. Koma pa ntchito yanuyo, komanso kumene muliko, ndikuona kuti mugula vuto latsopano pa mtengo wokwera, lakale lija lili pomwepo. Za madzi a pamjigo, ayi, musayerekeze. Chifukwa chake ndifikapo.

Anthu ambiri akamva zoti khadi limazizira ndi madzi, m'mutu mwawo mumabwera mtsuko wa agogo, uja wokhala pakona pa mchenga wonyowa, womwe madzi ake amazizira mpaka kumano ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Mtsuko umazizira chifukwa umachita thukuta. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, amauma kunja kwake, ndipo pouma amachoka ndi kutentha. Za m'kompyuta si za mtsuko, ndi za rediyeta ya galimoto. Madzi ake ndi otsekeredwa m'mapaipi. Kapampu kamawazunguliza, amadutsa pa kachitsulo ka mkuwa kogona pamwamba pa GPU, kachipangizo kamene kali ubongo wa khadi komanso gwero la kutentha kwake, amanyamula kutenthako n'kukakutula mu rediyeta, mafani n'kukupemerera kunja. Inu Thabwa mwakwerapo masana a Novembala. Mwaonapo malole ataima m'mbali mwa msewu, nthunzi ili tolo, wothandizira dalaivala akuthamanga ndi chigubu. Onse aja ndi oziziritsidwa ndi madzi.

Rediyeta singaziziritse madzi kuposa mpweya umene ukuidutsa. Apa ndiye pagona nkhani yonse kwa ife a kuchigwa. Pa makina amene ndayezapo, khadi likamagwira ntchito yolemera madzi amakhala madigiri 10 mpaka 15 pamwamba pa mpweya wa m'chipinda, ndipo GPU imakhala madigiri ena 15 kapena 20 pamwamba pa madziwo. Msuweni wanu sakunama. Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu Julayi chipinda chake chingakhale pa madigiri 18. Madzi ali pa 30, GPU pa 50, mafani akungoyenda ngati safuna. Khadi lomwelo mulibweretse m'kasitudiyo ka malata ku Nchalo, 2 koloko masana, mkati muli 40. Madzi afika 50 kapena 55, GPU ifika cha m'ma 70. GPU payokha siidandaula, makhadi ambiri a GeForce, mtundu wa lanulo ndi la msuweniyo, amayamba kudzibweza okha akafika pa madigiri 83. Koma mafani a pa rediyeta amamvera kutentha, ndiye athamanga, ndipo bata limene munalipirira lija lachepa. Pampu nayo ikhala m'madzi otentha tsiku ndi tsiku. Ngakhale pampu yotchuka ya D5, imene omanga makina odula amaidalira, malire ake ndi madzi a madigiri 60.

Ubwino weniweni wa madzi ndi malo. Pa khadi wamba zitsulo zomwaza kutentha zimapanikizana pa kadanga kochepa, ndipo timafani take n'topyapyala, ndiye timayenera kuthamanga kwambiri kuti tikankhe mpweya wokwanira. Madzi amanyamula kutentha kochuluka pafupifupi kanayi kuposa mpweya wolemera chimodzimodzi, pomwe lita imodzi ya madzi imalemera kuposa malita 800 a mpweya. Choncho kapaipi kochepa ngati chala kamatha kusamutsa moto wonse wa khadi n'kukausiya pa rediyeta yotambalala, ya mafani awiri kapena atatu a mamilimita 120, oyenda mofatsa. Fani yaikulu yoyenda pang'onopang'ono imamveka pang'ono kuposa yaing'ono yothamanga. Matsenga ake ndi omwewo basi.

Motowo ukachoka pa rediyeta umathera m'chipinda momwe mwakhala inuyo. RTX 3060 yanu imadya mawatsi 170, RTX 3080 imadya 320, ndipo pafupifupi magetsi onse amene khadi ladya amasanduka kutentha. Munthu wongokhala pansi amatulutsa kutentha kwa mawatsi ngati 100. Ndiye kusinthaku kuli ngati mwaitana munthu wina ndi mwana wake kuti adzakhale nanu m'kasitudiyo, chitseko chitsekere, mazenera otchingidwa ndi masiponji. Chipinda chikatentha, mpweya wolowa mu rediyeta watenthanso, mafani awonjezera liwiro.

Tsopano pali china chimene chandikayikitsa m'kalata yanu. Mwati phokoso limalowa mu maikolofoni. Nthawi imene mukujambula mawu, graphics card imakhala ilibe ntchito kwenikweni. Pulogalamu yojambulira mawu imadalira CPU, ubongo waukulu wa kompyuta. Khadi limangoonetsa zithunzi za pa sikirini. Makhadi ambiri a RTX 3060 amaimitsiratu mafani ake akakhala ozizira, n'kuwadzutsa kutentha kukafika cha m'ma 50 kapena 60. Khadi lamadzi silitero. Pampu yake imayenda kuyambira mukayatsa mpaka mukathimitsa, ndipo ili ndi kakulira kake kosalekeza, kochepa koma kosongoka, kamene maikolofoni ya kondensa imakatola bwinobwino alto akapuma. Ndiye n'zotheka kuti khadi la msuweni lingakusokosereni kwambiri pojambula kwaya kuposa limene muli naloli.

Musanagule kanthu, pezani wolakwa. Tsegulani chivindikiro cha m'mbali, yatsani kompyuta, tsegulani pulogalamu yanu yojambulira monga mwa masiku onse. Kenako muziimitsa fani imodzi imodzi kwa kamphindi, pogunda chala mofatsa pakati pake pamene pali chomata, osati pa mapiko. Ya CPU, ya kumbuyo, ya kutsogolo, za pa khadi ngati zikuyenda. Imene mukaigwira chipinda n'kuti zii, ndi imeneyo. Ya mu power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, musaikhudze ndipo musalowetsemo kanthu. Mukaimitsa zina zonse phokoso n'kutsalabe, mwaidziwa kale. Mwa makina amene anthu amandibweretsera akudandaula za khadi, ambiri ndimapeza kuti wosokosa ndi kafani kamene kanabwera ndi CPU m'katoni, kapena power supply yotchipa, kapena hard disk yakale imene ikunjenjemeretsa bokosi lonse. N'zothekanso kuti kwanuko, chifukwa cha kutentha kwa mnanu, khadi ngakhale lili pa ulesi limafika pa malire aja, mafani n'kumadzuka, kugona, kudzukanso. Kumeneko ndiye kumasowetsa mtendere kuposa kulira kokhazikika, koma mankhwala ake ndi aulere, ndinena pansipa.

Tibwerere kwa khadi la ku Joni. RTX 3080 inatuluka mu Seputembala 2020. Mitundu yake yamadzi yobwera yomangidwa kale imakhala ndi pampu pa khadi pomwepo, mapaipi awiri a labala, ndi rediyeta, kawirikawiri ya mamilimita 240. Yambiri mwa iyo ilibe potsegula, sanaipange kuti munthu azithiramo madzi. Komabe madzi amachepa. Amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'khungu la mapaipi, osaoneka ndi maso, ndipo kukamatentha amatuluka msanga. Pakapita zaka mpweya umachuluka mkati, pampu imayamba kumveka ngati munthu akuchukucha m'kamwa, kenako tsiku lina imangoima. Khadi limene latha zaka zinayi kapena zisanu lili kale kumadzulo kwa moyo wa pampu yake. Onjezani kuti mu 2021 makhadi ambiri a 3080 ankagwira ntchito yokumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum usana ndi usiku, mpaka kukumbako kunatha mu Seputembala 2022 ndipo anakhuthukira pa msika wa zakale. Mwezi womwewo EVGA, imodzi mwa makampani amene ankadziwika ndi makhadi amadzi otere, inalengeza kuti yasiya kupanga makhadi. Fani ya khadi wamba ikafa, ine ndimachotsa chophimba, ndimamangirira mafani awiri a 120 ndi tizingwe ta pulasitiki, munthu n'kubwerera ku Bangula tsiku lomwelo, kambirinso khadi lili chete kuposa kale. Pampu ya khadi lamadzi ikafa, ntchito yaima mpaka muitanitse china kunja, akwati akukuimbirani foni m'mawa ndi madzulo.

Palinso zotsatana nalo. NVIDIA, kampani yopanga GPU za makhadi awiriwa, imalangiza power supply ya mawatsi 550 pa 3060, koma 750 pa 3080, ndiye mwina mugulanso imeneyo. Bokosi lanu liyenera kukhala ndi malo a rediyeta. Ngati muli m'gulu la amene anagula invata ndi mabatire chiwonongekere Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, mawatsi 150 owonjezerawo muwamva pa batire. Pa mavidiyo a maukwati phindu lake si lalikulu monga mtengo wake ukunenera. Kachigawo kotchedwa NVENC, kamene kamafulumizitsa kutulutsa vidiyo, ndi ka m'badwo umodzi pa makhadi onse awiri. Ndipo 3060 yodziwika kwambiri ili ndi memory ya 12 GB pamene 3080 yoyamba ili ndi 10 GB. Pa mitundu ndi zokometsera zolemera mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve, 3080 ithamanga ndithu, sindikana. Pa kudula, kulumikiza ndi kuika nyimbo, simuona kusiyana kokwanira kulipirira.

Za mjigo tsopano. Mtundu wina wa makina amadzi ndi womanga wekha: chitsulo chophimba khadi lonse chochokera ku makampani ngati EK kapena Alphacool, pampu payokha, kathanki, mapaipi ndi zolumikizira zake. Umenewu ndiye umathiridwa madzi, ndipo amafunika kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse. Chaka china mnyamata wa ku Ngabu anandibweretsera makina otere, ogula kwa munthu amene ankachoka m'dziko muno. Madzi atatsika m'kathanki iye anangotunga a pamjigo n'kudzaza, ndipo anachita zimenezi kangapo. Pofika kwa ine khadi linkazima lokha pakangotha mphindi zochepa. Nditamasula chitsulo chija ndinapeza timizere ta mkuwa, timene timakhala tothinana ngati mano a chipeso cha nsabwe, tatsekeka ndi zoyera zolimba ngati za pansi pa ketulo. M'mapaipi munali ndere zobiriwira, poti makinawo ankakhala pafupi ndi zenera. Ndinakhala Loweruka lonse ndi mswachi ndi viniga. Inu mukudziwa kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ena mpaka sopo sachita thovu. Mchere umenewo umadya zitsulo, ndipo madzi amchere akadonthera pa bolodi amadutsitsa magetsi mosavuta. A pampopi nawonso ayi. Ofunika ndi madzi osungunulidwa ku nthunzi, opanda mchere uliwonse, osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere, kapena madzi ogula opangidwira ntchito imeneyi. Ena amagwiritsa ntchito madzi a batire, koma muwerenge botolo kawiri, chifukwa pa shelefu yomweyo pamakhalanso asidi wa batire. Ndipo mkuwa ndi aluminiyamu zisakumane mu mzere umodzi wa madzi popanda mankhwala, aluminiyamu imadyeka.

Nanga muchite chiyani ndi chigayo chanucho? Yambani ndi fumbi. Kwanuko fumbi si la msewu lokha. Nyengo yodula nzimbe, minda ikawotchedwa, timaphulusa takuda tija timagwa ngati mvula mpaka pa zovala zoyanika, ndipo kompyuta imatikoka tsiku lonse. Ndikatsegula makina ochokera ku Nchalo ndimapeza kutsogolo kwa zitsulo za khadi kuli chinsalu chakuda chonga bulangete, chochita kusendeka ndi zala. Mpweya sudutsa, fani imangolira chabe. Tulutsani makinawo panja, gwirani fani kuti isazungulire, pemererani ndi blower kapena pampu ya njinga, burashi ya penti yofewa ithandize. Rediyeta, muzidziwa, imagwira fumbi kuposa pamenepa, chifukwa timapepala take ta chitsulo n'tothinana kwambiri. Mukatero muchotse kompyuta pansi, muiike pa tebulo kapena pa kabenchi, isagunde khoma.

Kenako ikani pulogalamu ya GPU-Z kapena HWiNFO, zonse ndi zaulere, muone manambala awiri pamene mukutulutsa vidiyo: kutentha kwa GPU ndi kumene amakutcha hot spot, kwa malo otentha kwambiri pa GPU yomweyo. Zikasiyana ndi madigiri oposa 20, thermal paste, phala lopakidwa pakati pa GPU ndi chitsulo choziziritsa, yauma, ndipo kwathu kotenthaku imauma msanga. Kusintha kwake ndi ntchito ya theka la ola kwa munthu wozolowera. Ngati simunatsegulepo khadi, pitani nalo kwa wodziwa, chifukwa timapadi tofewa ta pa memory timang'ambika, ndipo kuikapo ta makulidwe ena kumawononga zinthu m'malo mokonza.

Chimene ndimachikonda kwambiri, poti sichidya ndalama, ndi kuchepetsa chakudya cha khadi. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner muli kotsetsereka kolembedwa Power Limit. Katsitseni kufika pa 75 kapena 80 peresenti. Makhadi a masiku ano amachoka ku fakitale atakankhidwa mpaka kumapeto, kumene mawatsi ambiri amangogula liwiro lochepa kwambiri, ngati dalaivala woponda mafuta onse pa mtunda pamene galimoto yafika kale pothera mphamvu. Mukabweza pang'ono, mawatsi 170 aja amatsikira cha m'ma 130, liwiro lotayika simulizindikira pokonza vidiyo, koma khutu limazindikira. Mu pulogalamu yomweyo mungajambule mzere wa mafani nokha. Kwa inu ndingati musawalole kuima ndi kudzuka; aziyenda pang'onopang'ono nthawi zonse, pa liwiro lotsikitsitsa limene angathe, n'kumakwera mofatsa kutentha kukadutsa madigiri 65. Khadi kukhala pa 75 si matenda, musalithamangitsire ku 55 ndi phokoso.

Pali kulira kwina kumene madzi sachiza n'komwe, kaphokoso kosongoka ngati ka nkhululu kochokera m'tizipangizo ta magetsi pa khadi likalemedwa. Mafani akatonthola m'pamene kamamveka bwino. Ndaonapo anthu atawononga ndalama zambiri pa madzi n'kutsala ndi nkhululu yokhayokha.

Ndipo poti ndinu wojambula mawu, njira imene masitudiyo akhala akuitsata kuyambira kale ndi yoposa zonsezi: kompyuta isakhale m'chipinda chojambulira. Boolani khoma kabowo kokwana zingwe, makina akhale chipinda chinacho kapena m'kakhonde kotchingidwa bwino kodutsa mphepo, inu mutsale ndi sikirini, kiyibodi, mbewa ndi audio interface, kabokosi kolumikizirako maikolofoni. Chingwe cha USB 2.0 chimafika mamita 5 popanda vuto, cha HDMI cha utali womwewo chimapezeka. Khoma la njerwa limadula phokoso kuposa rediyeta iliyonse, ndipo moto wa kompyuta yonse umatsala kunja, oimba anu n'kupumako. Musaitsekere m'kabati yopanda potulukira mpweya, imeneyo ndi uvuni. Ngati kasitudiyoko kalibe siling'i, ndalama ya 3080 ija ingagwire ntchito yaikulu kumeneko kuposa m'bokosi.

Sindikuti madzi alibe malo ake. Khadi likafika pa mawatsi 450 ngati RTX 4090, kapena 575 ngati RTX 5090, kuliziziritsa ndi mpweya kumafuna chitsulo cholemera ngati njerwa, ndipo rediyeta ya mamilimita 360 imayamba kumveka yanzeru. AMD, kampani ina yopanga makhadi, inaona zimenezi kale: Radeon R9 295X2 ya 2014, ya mawatsi 500, inatuluka ku fakitale ili ndi madzi, chimodzimodzi R9 Fury X ya 2015. Ntchito yanu ikadzakula mpaka kufuna khadi la msinkhu umenewo, m'chipinda choti muli makina oziziritsa mpweya, mudzagule latsopano la chitsimikizo, osati lotha zaka m'manja mwa munthu wosamudziwa. Pomanga, rediyeta idzakhale pamwamba kuposa pampu, kuti kampweya kali mkatimo kazikakhala ku rediyeta osati mu pampu, ndipo izidzakoka mpweya wa kunja kwa bokosi kudzera pa sefa imene mungamaitsuke sabata iliyonse nyengo ya nzimbe.

Msuweni wanu musamukhumudwitse, mtima wake ndi wabwino. Muuzeni khadilo alisiye, m'malo mwake akugulireni mafani awiri abwino a mamilimita 140, kapena a 120 ngati bokosi lanu ndi laling'ono, a Noctua kapena Arctic, choziziritsira CPU cha nsanja chokwana pa soketi yanu, kachubu ka thermal paste, ndi zingwe ziwiri zija za mamita 5. Zonsezo zikwana m'chikwama chimodzi cha m'manja, ndipo palibe chimene chingadonthe basi ikamagwedezeka pa msewu wa ku Tete. Mukayeza ndi chala paja, mundilembere kuti fani yosokosa inali iti, pamodzi ndi manambala awiri a mu GPU-Z, tione ngati paste ikufunika kusintha.